Siyani malo a munthu wogona

Tsiku lina kwa Mwansambo, m'boma la Nkhotakota, ndinatsitsa katundu yense wa m'galimoto pamaso pa mudzi wathunthu, chifukwa cha kamphira kamodzi kokwana m'chikhatho. Mjigo tinali titaumasula kale, marodi ali ndanda pa udzu, ndipo vuto linali lomwe ndinkaliganizira: U-seal, kamphira kokweza madzi m'paipi, yatha, madzi akungobwerera pansi. Yatsopano ndinali nayo, ndinaigula ndekha n'kuiika m'kajumbo kabuluu. Koma kajumboko kanali pati?

Ndinayamba kutsitsa chigubu cha dizilo, kenako jeke, bokosi la masipanala, zidutswa za mapaipi, thumba la simenti lotsala theka, chikwama cha zovala. Amayi anali atakhalira ndowa zawo akuonerera. Agogo ena anafunsa mokweza kuti aliyense amve: "Kodi bambo, mwabwera kudzakonza mjigo kapena mukusamukira konkuno?" Anthu anafa nacho chiseko, ine ndemwe. Kajumbo kaja kanapezeka kunsi kwa benchi, katanyowa ndi dizilo amene anatayika pa mabampu a m'njira. Mphira yoti ilowe m'madzi akumwa ikununkha mafuta! Tinaitsuka ndi sopo kambirimbiri tisanaiike.

Pobwerera ku boma madzulo amenewo, chilichonse kumbuyo chikugubuduka ndi kuwombana, ndinatsimikiza mtima kuti galimoto iyi ikufunika mashelefu.

## Chithunzi cha pa foni

Galimoto yake ndi Land Cruiser ya hardtop, zoyera zija za mabenchi awiri oyang'anizana kumbuyo, injini ya 1HZ yosadziwa kuthamanga koma yosadziwanso kutopa. Ndinaigula yakale pamene bungwe lina linkagulitsa galimoto zake. Kumbuyo kwake ndi kwakukulu, pafupifupi mamita awiri kuchokera ku mipando yakutsogolo kufika ku zitseko, ndipo kukula kumeneku ndi kumene kumapusitsa: umangoponyamo zinthu poganiza kuti malo alipo.

Pa Facebook ndinali nditaona zimene anzathu a ku South Africa amaika m'galimoto zoterezi. Makampani ngati Front Runner amapanga madirowa aatali otsetsereka bwino, pamwamba pake kapeti, pambali malo a firiji. N'zokongola, sindikana. Koma mtengo wake uli mu ndalama zakunja, uwonjezerepo thiransipoti ndi msonkho wa pa chipata, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masamu oterewa sachedwa kutha. Chinanso, amene anapanga madirowa amenewo ankaganizira munthu wopita kukaona nyama ndi kukagona m'tenti. Ine ndimanyamula mapaipi, simenti ndi klorini.

Ndiye ndinajambula yanga pa pepala. Mabenchi onse awiri achoke. Pansi pakhale madirowa awiri odzaza m'lifupi monse, pamwamba pake mashelefu uku ndi uku kufika m'mawindo, pakati kanjira kongokwana mkono. Chilichonse chikhale ndi malo ake. Ndinalipinda bwino pepala lija, n'kupita nalo kwa mmisiri wowotcherera zitsulo.

## Pansi pa mtengo wa mango

Mmisiriyu ndi bambo wachikulire, wovala kofiya nthawi zonse, amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango chapafupi ndi msewu wa M5. Mageti, mabedi, ngolo, mafelemu a mawindo, zambiri za m'dera lathu zinadutsa m'manja mwawo. Tonse timangowaitana kuti a Madala.

Anayang'ana chithunzi cha pa foni nthawi yaitali, kenako pepala langa. Sanayankhe. Anauza mnyamata wawo kuti atsitse katundu, apinde mabenchi, asese pansi pa galimoto. Ine ndinkadikira kuti atulutsa tepi. M'malo mwake anavula patapata, n'kukwera, n'kugona chagada pansi pa galimotoyo, mutu chakumipando yakutsogolo, manja pachifuwa.

"Iwe, tenga choko. Zungulira pamene ndagonapa. Usandipanikize, siya mpata."

Mnyamata anajambula, akudziletsa kuseka. Anthu odutsa anayamba kuima. Wa kabaza wina anafunsa ngati a Madala akomoka. Iwo anadzuka pang'onopang'ono, n'kukhala tsonga chakumutu kwa chojambulacho, miyendo atapinda.

"Jambulanso apa. Apa m'pa womugwira mutu."

Atatsika anadzisasa fumbi n'kundiyang'ana.

"Achimwene, kumidzi kumene mumapitako, galimoto zimakhalako zingati?"

Ndinati nthawi zambiri imakhala yanga yokha, makamaka dzinja.

"Ndiye usiku munthu akadwala, amakagogoda pati?"

Ndinayankha kuti galimotoyi ndi ya ntchito, si ambulansi. Ndinawonjezera kuti ngakhale madirowa atadzaza pansi ponse, pamwamba pake pakhala pathyathyathya, munthu akhoza kugonapo. Azungu aja amagona pomwepo.

"Wathanzi, inde. Amakwera yekha, amatsika yekha. Wodwala mumukweza bwanji pamwamba apo, pakati pa mashelefu anuwa? Nanga wodwala amayenda yekha? Pali gadiyani, pali ndowa, pali mbaula ndi kamtolo ka nkhuni. Gadiyaniyo akakhala pamwamba pa madirowa mutu ugunda denga." Anaima pang'ono. "Ndipo tsiku lina adzakupemphani kunyamula amene sadzadzukanso. Bokosi silipindika."

Sanakweze mawu, sanandilalikire. Anangoloza choko chija n'kunena kuti, "Kunja kwa mzerewu ndikupangirani chilichonse chimene mukufuna. M'kati mwa mzere siyanimo."

Zimene ananenazo sizinali zachilendo kwa ine. Aliyense amene amayenda ndi galimoto kwa Kanyenda, kwa Mwadzama kapena kumtunda kwa Mwansambo mvula ikagwa amadziwa kugogoda kwa pakati pa usiku. Ambulansi imakhala ili kwina, njinga yamoto singathe kunyamula mayi amene matenda ayamba, ndipo pamudzi ponse pakudziwika kuti kwa amfumu kwagona galimoto. Ndinanyamulapo anthu kupita nawo ku chipatala cha ku Benga, ena mpaka ku boma. Kungoti pojambula pepala lija m'mutu mwanga munali masipanala okhaokha.

Sindinavomere pomwepo. Mzere wa chokowo unkandilanda malo opitirira theka la amene ndinawerengera, ndipo ndalama zake zinali zanga. Ndinawauza kuti ndikaganize kaye. Ndinayenda ndi chojambulacho kumbuyo kwa galimoto mpaka chinayamba kufufutika, ndipo nthawi iliyonse ndikatsekula chitseko ndinkapeza kuti katundu ndamuika mochilambalala, wopanda wondiuza. Nditabwerera pansi pa mango paja ndinangoti, "Madala, pangani mbali imodzi."

## Mbali ya kumanzere

Tinachotsa benchi la kumanzere lokha. La kumanja linatsala, limapindika monga kale. Tinasankha kumanzere pa zifukwa ziwiri. Woyendetsa amakhala kumanja, ndipo tayala la sipeya limapachikidwa pa chitseko chachikulu cha kumanja, ndiye kulemera kwa mashelefu kukakhala mbali inayo galimoto siipendekera kumodzi. Chachiwiri, chitseko chaching'ono cha kumanzere ndi chimene chimayamba kutsekuka, choncho zinthu zofunika pafupipafupi ndimazifikira osagwedeza chitseko cholemera chija.

Asanadule chitsulo chilichonse, a Madala anapanga shelefu yonse ndi makatoni. Khoma la galimoto silowongoka, limapendekera m'kati chakumwamba, komanso pali chitunda cha tayala lakumbuyo. Katoni ukalakwitsa umangodula ina.

Felemu tinapanga ndi angle iron ya mamilimita 25, yokhuthala mamilimita atatu, imene mita imodzi imalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Ine ndinkafuna ya 40, yooneka yamphamvu. Anakana. Anati mphamvu ya shelefu yoyenda imachokera ku zitsulo zopingasa, ndipo anaika ziwiri zodutsana kumbuyo kwake ndi chimodzi kumapeto kulikonse. Felemu ya makona anayi yopanda chopingasa imayamba kugwedera, kenako zowotcherera zimang'aluka m'makona. Pa matabwa tinagwiritsa pulayiwudi ya mamilimita 12. Ya 18 ndi yolimba, koma shiti imodzi imalemera makilogalamu pafupifupi 30 pamene ya 12 ili cha m'ma 20, ndipo pa shelefu yopapatiza, yokhala pa chitsulo mbali zonse, kusiyana kwa mphamvu sikuoneka. Matabwa a mlombwa amene kalipentala wina ankandinyengerera ndinawasiya. Ndi okongola pa kabati ya pabalaza.

Kuwotcherera konse kunachitikira pansi, kunja kwa galimoto. Felemu itatha tinaipaka red oxide kenako penti, chifukwa chinyezi cha kunyanja kuno sichichedwa kubweretsa dzimbiri, ndipo tinailowetsa yathunthu.

## Mabawuti

Apa ndi pamene ndikufuna amene akuganiza zopanga zofananazi amvetsere, chifukwa mashelefu ambiri amene ndawaona m'galimoto za anzanga ndi abwino pamwamba, koma amangiriridwa ndi masikuluwu a malata. Pansi pa galimoto ndi chitsulo chopyapyala. Sikuluwu imagwira mwezi woyamba, kenako bowo limakula ndi kugwedezeka, ndipo tsiku limene udzaponde buleki mwadzidzidzi chifukwa cha mbuzi kapena pa milatho yopapatiza ija ya M5, shelefu yonse idzabwera kutsogolo ndi katundu wake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene katundu amamenyera imawirikiza kanayi. Bokosi la masipanala limene umalinyamula ndi dzanja limodzi likhoza kuthyola mpando.

Ife tinayamba ndi mabowo amene benchi linkamangidwapo. Amenewo anapangidwa ku fakitale kuti agwire kulemera kwa anthu, ali ndi manati ake kale kunsi. Pamene panafunika mabowo atsopano, mnyamata analowa kaye kunsi kwa galimoto ndi tochi. Kunsiko kuli mathanki a dizilo, mapaipi a mabuleki ndi mawaya. A Madala anaveka kachidutswa ka paipi pa chitsulo choboolera kuti nsonga yokha ndiyo itulukire, chisalowe mopitirira chikangoboola.

Mabawuti ndi a M10, olembedwa 8.8 pamutu. Opanda nambala, ofewa aja ogulitsidwa pa mulu, amaduka. Kunsi kwa bowo lililonse latsopano kuli kachitsulo kafulati kotambalala, kozunguliridwa m'makona kuti kasang'ambe pansi, ndipo manati ake ndi aja okhala ndi pulasitiki m'kati, osamasuka ndi kugwedezeka. M'mabowo tinapaka penti ndi silikoni. Bowo losatseka limalowetsa fumbi, madzi powoloka mitsinje, ndi utsi wa ekizozi, umene munthu wogona pansi ndi amene angayambe kuupuma.

Kumwamba felemu inagwira khoma malo awiri okha, ndipo pakati tinaikapo mphira yodula ku tayala lakale. Bodi ya galimoto imapotokola ikamadutsa m'zigwembe, tayala lina m'mwamba lina m'dzenje. Ukaimanga shelefu molimba paliponse, china chiyenera kugonja, ndipo kawirikawiri chimang'ambika ndi khoma la galimoto.

Ubwino wina wa mabawuti ndi woti anthu awiri ndi sipanala ya 17 akhoza kuitsitsa shelefu yonse n'kubwezera benchi.

## Cholemera pansi

Kupakira galimoto yotere sikusiyana ndi kupakira bwato: cholemera chikhale pansi ndi chapakati, apo ayi mafunde oyamba akugudubuza. Land Cruiser ndi yaitali kale msinkhu, yopapatiza, ndipo pa msewu wopendekera m'mbali mwa phiri umaimva ikufuna kugona. Choncho jeke, bokosi la masipanala akuluakulu, unyolo ndi chigubu cha madzi zili pa shelefu yapansi, chakutsogolo kwa matayala akumbuyo. Malita 20 a madzi ndi makilogalamu 20, osawerengera chigubu. Katundu wolemera akakhala kumapeto kwenikweni, kuseri kwa matayala, amapepula kutsogolo, chiwongolero n'kumayandama, masipuling'i akumbuyo n'kumalira.

Anthu amati Land Cruiser sidzadza. Imadzadza. Yopanda kanthu imalemera kupitirira matani awiri, ndipo malire ake onse ndi matani atatu ndi pang'ono. Chotsalacho ndi cha anthu, dizilo, sipeya, kaliyala ya padenga ndi mashelefu omwewo. Kilogalamu iliyonse ya chitsulo chokongoletsa ndi kilogalamu imene wachotsa pa simenti.

Shelefu yapakati ndi ya zipangizo za mjigo. Mijigo yambiri kuno ndi ya Afridev, imene mbiri yake inayambira m'Malawi momwe muno ndi pampu ya Maldev kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anaipanga dala kuti zotha msanga zikhale zazing'ono ndi zosavuta kusintha: U-seal, O-ring, bobini, mabushi apulasitiki. Ubwino umenewo ndi umenenso umazisowetsa m'galimoto. Tsopano chilichonse chili m'kabokosi kake kapulasitiki kotsekera, kolembedwa ndi penti, ndipo mabokosiwo amalowa mothina kuti asamayendeyende. Sipanala ya 24 ndi chitsulo chowedzera zida za pansi pa mjigo zili ndi malo awo pakhomo penipeni. Shelefu iliyonse ili ndi mlomo wotchinga kutsogolo, ndipo pamwamba pa mabokosi pamadutsa lamba. Malegeni ndimawakonda, koma dzuwa la kuno limawadya msanga, choncho pa zolemera ndimagwiritsa malamba okoka ndi chitsulo. Yapamwamba ndi ya zopepuka zokha: zovala, neti, buku la malisiti.

Madirowa otsetsereka ndinawasiya. Fumbi la chilimwe likalowa mu tinjanji take timayamba kulimba, ndipo zabwino zake n'zodula. Bokosi lokoka ndi manja silifuna girizi.

Pali chinthu chimodzi chimene sichikhala pa shelefu ndi zinzake. Chiyambire kolera ya 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, sinditseka mjigo osathiramo klorini, ndiye HTH, klorini wa ufa uja, ndimayenda nayo nthawi zonse. Ufa umenewu ukakumana ndi mafuta a mabuleki, oyilo kapena dizilo umatentha mpaka kuyaka moto, ndipo mpweya wake umadyetsa zitsulo dzimbiri. Uli m'chidebe chake chotseka bwino, m'kachipinda kakekake kumapeto kwa shelefu, kutali ndi chilichonse chamafuta. Guluu wa mapaipi nayenso sachedwa kuyaka, ndipo chitini chake chimafuna kuima chilili pamthunzi. Chigubu cha dizilo chinatuluka m'katimo, chili ndi choikamo chake kunja.

Marodi ndi mapaipi ndi a mamita atatu, salowa m'kati. Amakwera padenga, marodi m'kati mwa paipi yaikulu yotseka mbali zonse. Padenga sindiikapo china cholemera kuposa pamenepo.

## Mmene zikuyendera

Msewu wa ku Mwansambo ndi umene unayesa ntchitoyi. Phokoso lija la zinthu zowombana linatha, moti ndinayamba kumva kulira kwina kwa galimoto kumene kale kunkabisika, n'kupeza kuti bushi ya shoko yakumbuyo inali itatha. Mabawuti ndinawakunganso pambuyo pa maulendo oyamba, chifukwa mphira ndi penti zimaphwa, ndipo mpaka pano ndimawayesa ndi sipanala ndikamaona oyilo.

Malo a choko aja agwira kale ntchito yake. Usiku wina wa mvula tinanyamula mayi woyembekezera, atagona pa matiresi, apongozi ake atakhala chakumutu, amuna awo ndi mlamu pa benchi, ndowa ndi mbaula pakati pa miyendo. Sitinatsitse kanthu kupatula thumba limodzi la simenti limene tinalisiya pakhonde pa amfumu. Chimene ndinaona usiku umenewo n'chakuti m'makona mwa shelefu munali mwakuthwa kwa munthu amene akugwedezeka mumdima. Mawa lake a Madala anapala makonawo ndi girayinda n'kuvekamo paipi ya mphira yong'amba pakati. Chatsala ndi waya wotchinga kuseri kwa mipando yakutsogolo, kuyambira pansi mpaka kudenga, woti agwire chilichonse chimene chingadumphe lamba. Ndikudikira ulendo wa ku Lilongwe kuti ndikagule wokhuthala bwino kwa Malangalanga.

Vuto limene a Madala sanaliwerengere lili kunyumba. Mayi a kunyumba amagula mpunga ku Bua n'kumagulitsa, ndipo iwo akaona pansi pa galimoto popanda kanthu amaona matumba. Tinakambirana mpaka tinagwirizana kuti pamalopo pazikwera zokhazo zimene anthu awiri angatsitse msanga, komanso matumba asapitirire asanu ndi limodzi, amene ndi makilogalamu 300, omangidwa ndi lamba ku miyendo ya benchi. Iwo akuti asanu ndi atatu amakwana bwinobwino, anayesa kale tsiku limene ndinawabwereka galimoto ndi dalaivala. Nkhani imeneyo sinathe.